Excel, Google Sheets kapena LibreOffice Calc: tchati chanu mupangire kuti?

Tchati choyamba chimatuluka msanga m'mapulogalamu atatu onsewa. Mu Excel mukasankha manambala anu n'kudina Alt ndi F1 pamodzi, tchati chafika pompo, ndipo F11 imachiika pa tsamba lakelake. Mu Google Sheets mumapita pa Insert kenako Chart. Mu LibreOffice Calc njira ndi yomweyo, kungoti pamatseguka kawindo kokufunsani zinthu zinayi motsatizana: mtundu wa tchati, pamene manambala ayambira ndi pamene athera, magulu a manambalawo, ndiponso mitu. Kufulumira kwa poyambaku sikungakuthandizeni kusankha. Kusiyana kwenikweni kuli pa ntchito yotsatira, yowongola zimene pulogalamu yaganiza molakwika, ndiponso pa zimene zimachitikira tchaticho chikachoka m'manja mwanu.

Tiyambire pa zaka, poti pamenepa amakodwapo ambiri. Tinene kuti kolamu yoyamba ili ndi mutu woti Chaka, pansi pake 2019 mpaka 2024, ndipo yachiwiri ili ndi chiwerengero cha ophunzira amene anakhoza mayeso: 40, 52, 47, kumatsika choncho. Excel ikaona 2019 simadziwa kuti ndi chaka, imangoona nambala. Kawirikawiri imajambula zakazo ngati mizati italiitali yopitirira 2,000, ophunzira 40 aja n'kungotsala kanthu kakang'ono pansi penipeni, ndipo pamene mumayembekezera zaka pamalembedwa 1, 2, 3. Njira yachidule ndi kufufuta mawu oti Chaka m'kabokosi ka pakona musanapange tchati, pakuti kabokosiko kakakhala kopanda kanthu Excel imazindikira kuti kolamuyo ndi ya mayina. Ngati tchati chapangidwa kale, pitani pa Select Data, chotsani gulu la Chaka kumanzere, n'kulilozera kumanja ngati mayina a pansi. Mu Sheets ndi nkhani yochonga kabokosi kamodzi, Use column A as labels. Mu Calc kabokosi kake ndi First column as label, ndipo kali pa funso lachiwiri lija, tchati chikusintha inu mukuona. Apa ndimaikonda Calc. Imachedwetsa pang'ono, koma imakufunsani isanalakwitse.

Nkhani ya mabokosi opanda kanthu ndiyo yofunika kuimirapo kwambiri, chifukwa cholakwika chake sichioneka ngati cholakwika. Mukulemba kuchuluka kwa katundu amene watuluka mwezi uliwonse, ndipo mwezi wachisanu simunalandire lipoti. Kabokosiko mwakasiya. Tchati cha mzere chingachite zinthu zitatu pamenepo: kusiya mpata, kugwetsa mzere mpaka pa ziro, kapena kulumikiza mwezi wachinayi ndi wachisanu ndi chimodzi ngati palibe chimene chasowa. Chilichonse mwa zitatuzi chikunena nkhani yakeyake. Mpata ukunena kuti sitikudziwa. Ziro akunena kuti palibe chinatuluka, ndipo woona tchaticho adzafunsa kuti mwezi umenewo kunagwanji. Kulumikiza kukubisa zoti panali posowa.

Excel ili ndi zosankha zonse zitatu, koma inazikankhira patali: Select Data, kenako batani la pakona lolembedwa Hidden and Empty Cells. Calc nayo ili nazo zonse, pansi pa Options mukatsegula makonzedwe a mzerewo, pomwe palembedwa Plot missing values. Sheets imakupatsani kabokosi kamodzi kokha, Plot null values, kolumikiza kapena kusiya mpata. Chenjerani ndi fomula yobweza mawu opanda kanthu, ija yothera ndi "" kumapeto. M'maso kabokosi kamaoneka kopanda kanthu, koma Excel imakawerenga ngati mawu n'kujambula ziro, kaya munasankha mpata. Fomulayo ibweze NA() m'malo mwake, chizindikiro choti nambala palibe, mzere sudzagwanso pansi. Pa Hidden and Empty Cells pomwepo ndi pamene mumauzanso Excel chochita ndi mizere imene mwabisa kapena kusefa. Excel imaisiya kunja kwa tchati mpaka mutaiuza kuti iiphatikize, n'chifukwa chake anthu ena amabisa kolamu pofuna kuyeretsa tsamba kenako n'kudabwa kuti tchati chatsala mbee.

Chachitatu ndi poyambira pa manambala a m'mbali. Ziwerengero zanu zikakhala zoyandikana, monga 95, 97 ndi 99, Excel siyambira pa ziro. Lamulo lake ndi lakuti nambala yaing'ono ikaposa magawo asanu mwa asanu ndi limodzi a yaikulu, imadula pansi n'kuyambira chapamwamba. Pa tchati cha mzere palibe vuto kwenikweni. Pa tchati cha mizati ndi bodza, pakuti diso limayerekeza kutalika, ndipo mzati wa 99 umaoneka wotalika katatu kuposa wa 95. Musadalire pulogalamu iliyonse mwa zitatuzi pa nkhani imeneyi. Lembani nokha 0 pa Minimum mu Excel ndi mu Calc, kapena pa Min pansi pa Vertical axis mu Sheets.

Zikafika pa kukongoletsa, Excel ilibe mnzake, ndipo palibe chifukwa chozungulira. Chilichonse chimene chili pa tchati mungachidine n'kukanikiza Ctrl ndi 1, makonzedwe ake atseguka kumanja. Mizati ikaonda, mumachepetsa Gap Width. Mukafuna kuti pamwamba pa mzati palembedwe mawu ochokera mu kolamu ina, osati nambala yake, pali Value From Cells, imene inabwera ndi Excel 2013. Chimene chimapulumutsa nthawi koposa ndi Save as Template: mukakonza tchati chimodzi bwinobwino, mitundu yake, zilembo zake, poima pa mutu, mumachisunga ngati chikombole cha .crtx, ndipo matchati onse a lipoti lanu amatuluka ofanana. Kwa munthu wotulutsa lipoti la matchati makumi awiri mwezi ndi mwezi, chinthu chimodzi chimenechi n'chokwanira kumusankhitsa Excel.

Sheets inasonkhanitsa zonse pa mbali imodzi, m'zigawo ziwiri, Setup ndi Customize. Munthu watsopano sasochera, ndipo tchati chake choyamba chimakhala chaudongo ndithu. Koma malire mumawapeza msanga. Mpata wa pakati pa mizati simungausinthe mwachindunji, ndipo palibe chikombole chosunga. Mumakopera tchati chakale n'kuchilozera ku manambala atsopano. Calc ili pakati. Zosintha zilipo zambiri, pafupifupi ngati za Excel pa mitundu ya masiku onse, koma muyenera kudina kawiri pa tchati kuti mulowe mkati mwake, ndipo mukadina panja mwangozi mwatulukamo. Maonekedwe ake oyamba ndi achikale, moti mumayamba mwasintha mitundu musanaonetse munthu. Posintha mitunduyo, mu pulogalamu iliyonse, musadalire kufiira ndi kubiriwira pokha posiyanitsa magulu, chifukwa pali anthu ambiri, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi.

Kanthu kakang'ono koma kotopetsa: pa tchati cha mizati yogona, Excel ndi Calc zimaika mzere woyamba wa tebulo pansi, kotero mndandanda umene munausanja kuyambira chachikulu umatuluka chadodolido. Mu Excel chongani Categories in reverse order, mu Calc Reverse direction.

Pa kuchuluka kwa mitundu ya matchati sindichedwapo. Excel 2016 inabweretsa waterfall, histogram, Pareto, box and whisker, treemap ndi sunburst. Sheets ili ndi ina mwa imeneyi, kuwonjezapo mapu, gauge ndi scorecard, zoyenera tsamba loonetsa momwe ntchito ikuyendera. Calc imakhala kwambiri pa mitundu yakale: mizati, mzere, chozungulira, timadontho ndi ina yochepa. Timatchati tating'ono tokhala m'kabokosi kamodzi tinafika mu Excel 2010, mu Sheets timapangidwa ndi fomula ya SPARKLINE, ndipo Calc inatilandira mu 2022 pa 7.4. Komabe ntchito yambiri imathera pa timadontho, ndiponso pa mizati ndi mzere zimene William Playfair anayamba kusindikiza mu 1786. Kudziwa kusankha pakati pa mzere ndi timadontho kumaposa kukhala ndi mitundu yambirimbiri. Tchati cha mzere chimatalikitsa mayina a pansi mofanana, pokhapokha akhale madeti enieni, kotero ngati munayeza pa 1, 2, 5 ndi 20, chidzaika 5 ndi 20 moyandikana ngati 1 ndi 2. Pamenepo pafunika timadontho, XY Scatter.

Manambala akamawonjezeka sabata ndi sabata, Excel ili ndi yankho labwino: sandutsani manambalawo kukhala tebulo ndi Ctrl ndi T musanapange tchati, ndipo mzere uliwonse watsopano udzalowa wokha. Mu Sheets mumangopereka malire opitirira pamene manambala athera. Mu Calc muyenera kukasintha Data Ranges pamanja, kapena kulowetsa mzere watsopano mkati mwa malire akale kuti atambasuke okha. Pa kukula kwa fayilo, Excel ndi Calc zimafika mizere 1,048,576 pa tsamba, ndipo mu 2022 Sheets inayamba kulola mabokosi 10 miliyoni pa fayilo yonse, koma kompyuta imayamba kulemedwa musanayandikire n'komwe malire amenewa.

Tsono funso limene ndimafuna munthu adzifunse asanasankhe ndi ili: tchatichi chikupita kuti? Ngati chikukhala pa intaneti, anthu angapo akulowetsa manambala kuchokera kosiyanasiyana, Sheets ndiyo yake. Onse amaona tchati chimodzimodzi chikusintha nthawi yomweyo, palibe zotumizirana mafayilo a mayina ofanana, ndipo wina akasokoneza mumabwerera m'mbuyo ndi Version history. Mukachiika mu Google Docs kapena Slides molumikiza, pamatuluka batani la Update manambala akasintha. Pali Publish chart, yotulutsa tchati kuti chioneke poyera, koma dziwani kuti aliyense wokhala ndi linki angachione ngati simunaike malire. Kufooka kwake ndi intaneti yomweyo. Kugwira ntchito popanda netiweki n'kotheka, koma muyenera kukhala mutayatsiratu zimenezo mu Chrome kapena Edge netiweki ikadalipo.

Ngati chikupita mu lipoti la Word kapena pa PowerPoint, pomwe kaonekedwe kayenera kukhala ndendende, khalani pa Excel. Pano pali ngozi imene ambiri saidziwa. Pomata tchati mumapatsidwa zosankha: kulumikiza, kumata ngati chithunzi, kapena Embed Workbook. Chomalizachi chimalowetsa fayilo yonse ya Excel mkati mwa chikalatacho, masamba onse, osati manambala a tchati okha. Wolandira akadina Edit Data angathe kuona tsamba la malipiro a antchito kapena mayina a makasitomala limene simunaganize n'komwe kuti latuluka. Chikalata chopita kunja kwa ofesi, matanimo chithunzi. Excel ya pa kompyuta ndi yolipira. Ya pa intaneti ndi yaulere mukakhala ndi akaunti ya Microsoft, koma zokongoletsera zina mulibe.

Ngati simukufuna kulipira laisensi, kapena netiweki ndi yosadalirika, kapena manambalawo sayenera kuchoka pa kompyuta yanu, Calc imagwira ntchito yonse. Ndi ya bungwe la The Document Foundation, limene linayamba mu 2010 pochoka ku OpenOffice.org, ndipo imayenda pa Windows, macOS ndi Linux. Mukadina tchati ndi batani lakumanja la mausi pali Export as Image, ndipo mungasankhe SVG, mtundu wa chithunzi umene suchita mbuu ngakhale muchikulitse kufika pa chikwangwani. Sheets nayo imatulutsa PNG, PDF ndi SVG. Pafoni, Sheets ndi Excel zimalola kupanga tchati chosavuta, koma kukonza kwenikweni kumafuna kompyuta.

Chimene sindilangiza ndi kuyendetsa tchati chimodzi m'mapulogalamu onse atatu. Onse amatsegula mafayilo a Excel a .xlsx, ndipo manambala amadutsa bwino, koma tchati chimapweteka panjira. Zilembo zimasintha ngati kompyuta inayo ilibe mtundu umene munagwiritsa ntchito, mawu amene munawakokera pamalo ake ndi dzanja amasuntha, ndipo mitundu yatsopano ija ya Excel 2016 ikhoza kusaoneka n'komwe mu Calc. Scorecard kapena gauge ya mu Sheets ilibe mnzake mu Excel. Ngati wolandira akungofuna kuona, mutumizireni PDF. Ngati akufuna kupitiriza ntchito mu pulogalamu ina, mupatseni manambala osanjidwa bwino, mutu umodzi pa kolamu iliyonse, popanda mabokosi olumikizidwa, madeti akhale madeti enieni osati mawu, ndipo tchaticho akachipange mwatsopano kumeneko.