Sikani ya PYP yofufuza amyloid mu mtima: yambani mwayezetsa magazi

Wodwala wa kuno ku Salima akamatupa miyendo, kupuma mwabefu, ndipo echo (sikani yoona mtima ndi mafunde a phokoso) yaonetsa khoma la mtima lokhuthala pomwe BP siyokwera, dokotala angakaikire amyloid. Awa ndi mapuloteni opindika molakwika amene amaunjikana mu mnofu wa mtima mpaka kuuumitsa ngati chikumba chowambidwa. Sikani imene amatumizira anthu otere ndi ya PYP (chidule cha pyrophosphate, mankhwala amene amabaya pojambula), ndipo ife tikuiyamikira, ngakhale ili ndi msampha umodzi waukulu.

Amabaya mumtsempha chitsulo chotulutsa cheza (radiation) cha technetium-99m chomangiriridwa ku pyrophosphate, pakati pa 370 ndi 740 MBq (muyezo wa mphamvu ya chezacho). Simusala kudya. Pakapita ola limodzi kapena maola atatu, kamera ya gamma imajambula pachifuwa, ndipo wowerenga amayerekeza kuwala kwa mtima ndi kwa nthiti: giredi 2 ndiye kuti n'zofanana, giredi 3 mtima wapambana nthiti. Magirediwa amaloza mtundu wa ATTR, wochokera ku puloteni ya transthyretin imene chiwindi chimapanga. Ubwino wake ndi woti odwala ambiri sachekedwanso kanyama ka mtima.

Msampha uja ndi uwu. Mtundu wina, wa AL, umene umachokera m'mafuta a m'mafupa ndipo umapha msanga, nawonso nthawi zina umawala pa sikaniyi. Choncho popanda kuyezetsa free light chains ndi immunofixation ya magazi ndi mkodzo, zomwe zimafufuza mapuloteni oyambitsa AL, chithunzicho sichingadaliridwe. Yezetsani zimenezi musanagule tikiti yopitira kumene kuli sikaniyi, chifukwa zikaloza AL, chofunika ndi kuyeza kanyama kopakidwa utoto wa Congo red ndi dokotala wa magazi, osati PYP.

Funsaninso ngati amajambula SPECT, imene kamera imazungulira thupi kuti mtima uoneke mbali zonse. Chithunzi wamba cha mbali imodzi chojambulidwa patapita ola limodzi chimasokeretsa, poti mankhwala otsalira m'magazi a m'zipinda za mtima amaoneka ngati ali mu mnofu. Nthiti yothyoka kapena kutsekeka kwaposachedwa kwa mtsempha wa mtima (heart attack) zimanamizanso chimodzimodzi.

Tsiku losungitsa musalisinthe mwachisawawa. Technetium imatha theka la mphamvu pa maola 6 okha, ndipo imatengedwa mu generator, chipangizo chokhala ndi molybdenum-99 imene imatha theka la mphamvu pa maola 66, monga yopangidwa ku Pelindaba ku South Africa. Generator ikachedwa, mumabwezedwa, ndiye pakhale ndalama ya malo ogona ya masiku angapo.