Jekete yotenthetsa ya batire: zimene ndaona patatha nyengo ziwiri zachisanu pa geti ku Joni

Ndine mlonda. Ndimalowa 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa, pa geti la malo ena osungirako katundu chakum'mawa kwa Johannesburg. Mu Meyi 2023 ndinagula jekete yopanda manja, mtundu uja kuno amati body warmer, koma yokhala ndi timawaya totenthetsa m'kati mwake, yolumikiza ku power bank yomweyi timatchajira foni. Nditangoivala sabata ziwiri ndinalemba zoiyamikira kwambiri, mpaka ndinanena kuti mlonda aliyense asiye kaye zina zonse agule imeneyi. Anzanga angapo anagula chifukwa cha mawu angawo. Tsopano ndadutsa nayo nyengo ziwiri zachisanu, ndipo ndikuona kuti ndili ndi ngongole kwa iwo, chifukwa zimene ndinanena zija zinali zoperewera.

Kwathu ndi ku Dedza, ndiye pobwera kuno ndinkati chisanu ndimachidziwa. Koma kwathu chisanu cha usiku chimakupeza uli m'bulangete, kapena mwazungulira moto mukuwotcha mbatata. Kuno chimakupeza uli chilili pa simenti. Mzindawu uli pamwamba, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, kuposa ngakhale pa boma pa Dedza. M'nyengo yozizira mvula sigwa, kumwamba kumakhala kopanda mtambo, choncho dzuwa likangolowa kutentha konse kwa masana kumathawa msanga. Mu Juni ndi Julayi m'bandakucha kumatsika kufika cha m'ma digiri 4, masiku ena mpaka pansi pa 0, udzu n'kuyera mbee. Mu Juni dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko n'kudzatuluka cha m'ma 7, kutanthauza kuti shifiti yanga yonse ndimaigwira kopanda dzuwa.

Jeketeyi payokha n'chinthu chosavuta. Timawaya tili kumsana ndi kutsogolo mbali zonse ziwiri, chapafupi ndi matumba. Pachifuwa pali kabatani kamene kamayaka mitundu itatu: kofiira ndiye kutentha kwambiri, koyera pakatikati, kabuluu pang'ono. Ukadina, sipatha mphindi ziwiri msana usanayambe kumva. Mpaka lero kumva kumeneko, thupi litauma gwa ndi mphepo, ndimakuyamikira ngati tsiku loyamba lija.

Pamene ndinalakwitsa m'mawu anga oyamba ndi pa nkhani ya batire, chifukwa ndinalemba mu Meyi chisanu chenicheni chisanafike. Power bank ya 10,000 mAh imasunga mphamvu yokwana 37 Wh papepala (kutanthauza mawati 37 kwa ola limodzi), ndipo ina imatayika posinthira ku ma volt 5 amene jekete imafuna. Pa kofiira jekete imakoka pafupifupi mawati 10. Werengani nokha: ndi maola atatu basi, ndipo ndi mmenenso zinkakhalira kwa ine. Pa kabuluu inkandifikitsa maola asanu ndi awiri. Shifiti ndi maola 12. Sabata yoyamba ya Juni ndinkaiyatsa pa kofiira ndikangomva kuzizira cha m'ma 7 madzulo, pofika 10 koloko batire latha, ndiye maola oopsa enieni n'kuwadutsa nditavala nsalu wamba. Thupi limene lazolowera kutenthedwa, moto ukazima mwadzidzidzi limamva kuzizira kuposa likanakhala losatenthedwa n'komwe.

Zinanditengera mwezi kuti ndiphunzire kuumira. Kuyambira polowa mpaka pakati pa usiku thupi limakhala lidakali ndi nsima ya madzulo, magalimoto akulowa ndi kutuluka, ukutsegula geti, ukulemba m'buku. Nthawi imeneyo jekete imakhala yozima. Pakati pa usiku ndimaiyatsa pa kabuluu ndikakhala pansi, ndikanyamuka kukazungulira mpanda ndimazimitsa. Kofiira ndimasungira kuyambira 4 koloko mpaka poweruka, pamene chisanu chimalowa m'mafupa ndipo tulo timabwera nacho limodzi. Ndi ndondomeko imeneyi power bank imodzi yabwino imakwanira usiku wamba, koma osati usiku wa mphepo.

Chaka cha 2023 panalinso vuto la load shedding, kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana madera. Power bank yanga imafuna maola asanu kapena asanu ndi limodzi kuti idzaze, koma masana, ine ndili mtulo, magetsi ankazima maola awiri, nthawi zina anayi. Kangapo ndinapita kuntchito batire lili theka. Ndinagula yachiwiri yotsika mtengo, yolembedwa 20,000 mAh, koma inkatha msanga kuposa yoyamba ija, komanso jekete ikakhala pa kabuluu inkangozima yokha ngati palibe chimene chalumikizidwa. Kulemera kwake m'manja kukanandiuza kale, pakuti inali yopepuka kuposa ya 10,000. Mukamagula, pitani nayo jekete mukayese pomwepo, makamaka pa kabuluu. Mu 2024 magetsi sanazimezime kuyambira kumapeto kwa Malichi, ndiye vuto lotchaja linachepa. Chinanso, batire la mtundu umenewu likazizira limafooka, choncho lizikhala m'thumba lam'kati pafupi ndi thupi, osati m'chikwama pansi.

Komabe chimene chinasintha usiku wanga kwambiri si batire ayi, ndi kavalidwe. Poyamba ndinkavala tisheti ya thonje, juzi yokhuthala, kenako jekete yotenthetsayi pamwamba. Motero timawaya tinkatenthetsa juzi ndi mphepo, ine n'kumangolandira zotsala. Jeketeyi imayenera kukhala pafupi ndi thupi, pamwamba pa chovala chimodzi chopyapyala, ndipo kunja kwake kukhale chotchinga mphepo. Panopa ndimayamba ndi thermal (chovala cham'kati chofunditsa) ya manja aatali ya polyester, kenako yotenthetsayi, kenako juzi yaubweya, pomaliza freezer jacket, zija amavala ogwira ntchito m'zipinda zoziziritsira nyama. Ndikavala chonchi, kabuluu kamagwira ntchito imene kofiira kankalephera.

Thonje ndi limene ndikufuna anzanga alimvetse bwino. Ife tinakula tikudziwa kuti nsalu ya thonje ndiyo yabwino, ndipo pa dzuwa la kwathu n'zoona. Koma thonje limamwa thukuta n'kulisunga. Ukazungulira mpanda mofulumira, kukwera masitepe kukadina pa malo onse osonyeza kuti wazungulira, msana umanyowa pang'ono osazindikira. Ukabwerera kukakhala pansi, chinyezi chimenecho chimayamba kukoka kutentha kwa thupi, pakangopita mphindi khumi wayamba kunjenjemera ngakhale wavala zinthu zinayi. Polyester imauma msanga, ndipo ubweya wa nkhosa umafunditsabe ngakhale utanyowa pang'ono. Juzi yanga yaubweya ndinaipeza ku dunusa, kaunjika wa kuno, mumsewu wa De Villiers pafupi ndi Park Station, pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi jekete ya batire. Muziwerenga kansalu kam'khosi kapena kam'mbali. Majuzi ambiri ooneka ngati aubweya amakhala a acrylic, ndipo safunda mofanana.

Mapazi jeketeyi siwafikira, ndipo mlonda amagonja kuyambira kumapazi. Nsapato zathu zantchito zili ndi chitsulo kuzala, ndipo chitsulocho chikazizira zala zimachita dzanzi. Ine ndinkavala masokosi awiri, nthawi zina atatu, koma zala zinkangouma chimodzimodzi. Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire wa ku Lesotho yemwe amalondera geti loyandikana nalo. Tonse timangowatchula kuti Ntate. Anthu a kwawoko chisanu amachidziwa kuposa ife tonse, kumapiri kwawo chipale chofewa chimagwa chaka ndi chaka. Anandiuza kuti ndivule nsapato imodzi, anayang'ana mmene lastiki inadindira pamwendo, n'kunena kuti phazi lopanikizika magazi sayenda, ndipo popanda magazi palibe sokosi imene ingalifunditse. Ndinapeza nsapato yokulirapo ndi saizi imodzi, sokosi imodzi yokhuthala yaubweya, ina youma yosinthira pakati pa usiku. Pansi pa mpando ndinayala thabwa la pallet ndi katoni kuti mapazi asagunde simenti. Zimenezi zinandichitira zambiri kuposa chilichonse chimene ndinagula ndi ndalama zochuluka. Chipewa choluka chophimba makutu ndi kansalu ka m'khosi n'zofunikanso. Magolovesi ndimagwiritsa odula zala chifukwa cholemba m'buku, manja n'kumawapisa m'matumba momwe muli timawaya.

Tsono pali chifukwa chimodzi chimene sindinganenere kuti ndalama yanga inapita pachabe, ngakhale ndadandaula zonsezi. Jeketeyi inandisiyitsa mbaula.

M'nyengo yozizira ya 2022, ndisanaigule, ndinkachita zimene alonda ambiri amachita. Chitini chobowolabowola, makala kapena malasha m'kati, moto ukayaka bwino utsi n'kutha, kulowetsa m'kanyumba ka mlonda n'kutseka chitseko. Tinkakhulupirira kuti choopsa ndi utsi, ndiye utsi ukatha zonse zili bwino. Ndinkaweruka mutu ukuphwanya, nthawi zina ndi nseru, ine n'kumati ndi kusagona. Usiku wina mu Julayi Ntate anaona kuti sindinatuluke pa nthawi yozungulira. Anandipeza nditazyolika pampando, anandikokera panja, ndipo miyendo inkakana kuima. Ndinasanza pomwepo pa geti. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, suoneka, sutsokomoletsa. Umagwirana ndi magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino maulendo opitirira 200, ndipo chizindikiro chake choyamba ndi mutu, chizungulire ndi tulo, zinthu zimene mlonda aliyense amaziona ngati za masiku onse. Chaka chilichonse chisanu chikayamba a zangozi kuno amachenjeza za imbawula, dzina la kuno la mbaula, ndipo chaka chilichonse timamvabe za anthu opezeka atafa m'chipinda chotseka. Ena mwa iwo ndi anthu obwera ngati ife, amene abale kumudzi akudikira ndalama ya feteleza.

Abale anga, ngati mulibe chilichonse mwa zimene ndatchulazi ndipo mbaula ndiyo yokha, iyakire panja, muwothe panja, isalowe m'nyumba ngakhale makala atafiira bwanji. Kutsegula kawindo pang'ono musakudalire. Kabotolo kamene ena amabisa m'thumba nakonso n'konyenga: mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, umamva ngati wafunda pamene kutentha kwa m'kati kukutuluka. Fulasiki ya tiyi wa shuga ndi mtedza wokazinga zimagwira ntchito yeniyeni.

Tsiku limene kavalidwe konseka kanayesedwa linali Lolemba pa 10 Julayi 2023, pamene chipale chofewa chinagwa mu Johannesburg koyamba chigwereni mu 2012. Anthu masana ankajambula zithunzi mokondwa, ife tikuganiza za usiku umene ukubwera. Usiku umenewo ndinatenga ma power bank onse awiri, ndipo onse anatha kusanache. Ndinafika 6 koloko ndikuzizidwa, koma zala ndikuzimva, mutu uli bwino, mbaula osaiganizira.

Mmene ilili panopa, mu Sepitembala 2024, patatha miyezi 16: zipi ndi nsalu zili bwino. Waya wolumikiza ku batire unayamba kusupuka pamene umapindika potuluka m'thumba, ndinaukulunga ndi tepi ndipo ukugwirabe. Mbali ya kumanja kutsogolo inasiya kutentha mu Julayi 2024. Ndikuganiza kuti ndinathyola timawaya ndekha, chifukwa chilimwe chonse ndinaisunga yopindapinda pansi pa zovala zina m'chikwama, pamene imafunika kupachikidwa. Kumsana, komwe n'kofunika kwambiri, kukutenthabe ngati kale. Ndaichapa kanayi, pamanja, batire nditachotsa, osafinya, n'kuiyanika mpaka kuumiratu. Power bank yoyamba ija tsopano imapereka maola awiri ndi pang'ono pa kofiira. Yachiwiri inayamba kufufuma ndipo ndinasiyiratu kuigwiritsa ntchito. Batire lofufuma si loika pachifuwa. Mnzanga wina amene anagula nditamuuza ankaivala pathupi penipeni popanda chamkati, n'kutsamira mpando maola ambiri ili pa kofiira, ndipo anatuluka zipsera zofiira kumsana. Zimenezi ndinayenera kuchenjeza poyamba paja.

Ndiye kwa amene mwangofika kumene ndipo Meyi akubwerayu adzakupezani pa geti, malangizo anga asintha. Malipiro oyamba gulani thermal ziwiri zosinthana, masokosi aubweya, chipewa, ndipo onetsetsani kuti nsapato sikukupanikizani. Kenako jekete yotchinga mphepo, ngati kuntchito sanakupatseni. Ya batire ibwere pambuyo pa zonsezi, pamodzi ndi power bank imene mwaiyesa ndi manja anu.

Yanga ndinali nditaichapa kale kuti ndiisunge, poganiza kuti Sepitembala wafika. Koma chakumapeto kwa Sepitembala 2024 chipale chinatseka msewu wa N3 wopita ku Durban cha ku Van Reenen's Pass, anthu anagona m'magalimoto, ndipo mphepo yake inafika mpaka pa geti pathu. Ndinaitsitsanso pa msomali n'kuivala mausiku atatu. Chaka chamawa ndidzagula ina ya mtundu womwewu, koma ndidzayang'anitsitsa kukhuthala kwa waya wa m'thumba. Yakaleyi Ntate aipempha kale, akuti kwa iwo msana wokha ndi wokwanira.