Ma contact lens a mwezi umodzi: zomwe ndaona patatha pafupifupi chaka

Ndinayamba kuvala ma contact lens, timagalasi toika padiso penipeni, chifukwa cha mpira wa ntchemberembaye. Magalasi ankangogwa m'bwalo, ndipo ndikawavula mpira ndinkauona utafika kale pamphuno. Dokotala wa maso kuno ku Lilongwe anandiyeza n'kundilembera malenzi ofewa, aja ovala masana n'kuvula usiku, otaya pakatha mwezi. Kumbali ya kuona ndilibe dandaulo mpaka lero. Umaona mbali zonse popanda felemu yotchinga, mvula ikagwa palibe chopukuta. Chomwe chandivuta m'miyezi yonseyi ndi madeti, chifukwa malenziwa ali ndi madeti atatu osiyana ndipo wogulitsa amangokuuza limodzi, akakuuza n'komwe.

Loyamba ndi lija lolembedwa pabokosi komanso pa kapaketi kalikonse, pafupi ndi kachizindikiro kooneka ngati botolo la mchenga loyezera nthawi. Amalemba chaka kenako mwezi, mwachitsanzo 2026-03. Kuno malenzi sapezeka paliponse ndipo mtengo wake ndi woboola m'thumba, choncho ambiri timatuma achibale a ku Johannesburg kuti atigulire ambiri nthawi imodzi. Ine anandigulira ndi alamu anga. Mabokosi atafika, limodzi linali litatsala miyezi yochepa kuti lithe ntchito, ndipo m'pomwe tinamvetsa chifukwa chake sitolo ija inatsitsa mtengo.

Anzanga ku timu ankati, "Pulasitiki imawola ngati? Ingovalani, asisi." Koma detilo sanaikire pulasitiki yokha. Lenzi imakhala m'timadzi ta mchere m'kapaketi komata, zonse zitaphedwa tizilombo ku fakitale. Kampani imalonjeza kuti chomatacho chigwira ndipo timadzito tikhala bwino kufikira mwezi umenewo basi. Ukadutsa, chomata chikhoza kulekerera mpweya ndi tizilombo, timadzi n'kusintha, lenzi n'kuyamba kuuma m'mphepete. Zimenezi sizioneka ndi maso: kapaketi kotha ntchito ndi katsopano kukhala pamodzi patebulo simungasiyanitse. Onjezani kuti bokosilo layenda masiku m'basi, kenako lakhala pawindo mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Nditavala zomwe ndikanatha deti lisanakwane, zotsalazo ndinataya, mtima ukuwawa ndithu.

Deti lachiwiri ndi lomwe ndaona kuti limapweteka anthu ambiri, chifukwa silinalembedwe paliponse. Limayamba tsiku lomwe mwamatula kapaketi. Lenzi ya mwezi ndi masiku 30 kuchokera tsiku limenelo, kaya mwaivala tsiku lililonse kaya Loweruka lokha. Si kuvala maulendo 30 ayi. Ndipo diso lenilenilo limakuuzani. Sabata yoyamba umaiwala kuti wavala kanthu. Pofika sabata yachinayi, makamaka nyengo ya fumbi kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, madzulo diso limayamba kuuma, magetsi a galimoto amaoneka ndi kankhungu kozungulira, ndipo ukaiika lenzi pachala n'kuiyang'anitsa pakuwala umaona timadontho toyera tokana kuchoka ngakhale utsuke bwanji. Amenewo ndi mafuta ndi mapuloteni a m'misozi, ndipo tizilombo timakakamira pomwepo. Timadonthoto timakwiyitsanso kunsi kwa chikope cham'mwamba mpaka kutuluka totupa toyabwa, lenzi n'kumangotsetsereka ukaphethira.

Dokotala wanga anandifotokozera chifukwa chake iwo amalimbikira zimenezi. Kachigawo koonekera ka kutsogolo kwa diso, komwe amati cornea, kalibe mitsempha ya magazi. Mpweya kamaulandira kuchokera kunja kudzera m'misozi, ndiye lenzi yakuda, youma kapena yogona nayo imakamana mpweya n'kukakanda. Pokandikapo m'pomwe pamalowera bakiteriya ngati Pseudomonas, yemwe amatha kukumba chilonda tsiku limodzi kapena awiri okha. Chilonda chikapola chimasiya chipsera choyera, ndipo chikakhala pakati penipeni palibe magalasi omwe angakonze. Nthawi zina chotsala ndi opaleshoni yoika cornea ya munthu wina. Bungwe loona za matenda la CDC ku America limati kugona ndi malenzi kumachulukitsa chiopsezo cha matendawa ka 6 mpaka ka 8.

Lachitatu lili pa botolo la madzi otsukira ndi kakesi kosungiramo. Botolo lili ndi deti lake losatsegula, komanso nthawi yoti litayidwe likatsegulidwa, yomwe pa mabotolo ambiri ndi miyezi itatu. Kakesi nako n'kosintha miyezi itatu iliyonse. Madziwa ndi amene amadya ndalama mwakachetechete, ndipo chiyeso chimakhala chongothira pang'ono pamwamba pa adzulo. Mu 2006 madzi otsukira otchedwa ReNu with MoistureLoc anachotsedwa pamsika padziko lonse anthu atadwala matenda a fangasi ya Fusarium ku Singapore, Hong Kong ndi America, ndipo chimodzi mwa zomwe zinkathandiza fangasiyo kukula chinali chizolowezi chomwechi chogwiritsanso ntchito madzi akale m'kakesi.

Pa madzi apampopi ndiye pondivuta kwambiri kuno kwathu. Muli kachilombo kotchedwa Acanthamoeba komwe kamapezeka m'madzi ndi m'dothi, ndipo kakalowa mu cornea kamapweteka koopsa, kuchiza kwake n'kwa miyezi. Kafukufuku wa mu 2022 wa chipatala cha maso cha Moorfields ku London pamodzi ndi University College London anapeza kuti ovala malenzi obwereza ali pachiopsezo cha matendawa pafupifupi kanayi kuposa ovala otaya tsiku lomwelo. Kumeneko ndi ku London. Nanga ife amene madzi akasiya timatunga a mumgolo omwe akhala masiku? Kusamba ndi malenzi, kutsukuluza kakesi pampopi, kugwira lenzi ndi manja onyowa, zonsezo n'zoletsedwa. Ine ndimasamba m'manja ndi sopo, kupukuta mpaka gwa, kenako ndiye ndikhudze diso.

Malenzi aja osintha mtundu wa diso ogulitsa pa Facebook ndi WhatsApp nyengo ya maukwati sindikufuna n'kuwayamba. Ndinaonapo ena kwa mnzanga ali m'kabotolo kopanda deti, kopanda dzina la kampani.

Ndiye kodi ndingalimbikitse munthu kugula a mwezi umodzi? Ngati muli ndi madzi odalirika, ndalama ya botolo latsopano nthawi yake ikakwana, komanso mtima wotaya lenzi yooneka yabwinobwino, gulani, ndi abwino. Ngati mukudziwa kuti kumapeto kwa mwezi mudzati "ipirire sabata ina", khalani ndi magalasi anu. Ine ndasintha kachitidwe: masiku a ntchito ndimavala magalasi, ndipo pa masewera ndikuyamba kugwiritsa ntchito otaya tsiku lomwelo. Limodzilimodzi ndi odula, koma kwa wovala kawiri pa sabata masamu ake amabwera pafupi, popeza palibe botolo, palibe kakesi. A mwezi otsalawo ndimalemba tsiku lomatula pabokosi ndi cholembera.

Diso likafiira, likamapweteka, likamaopa kuwala, likamatuluka manthongo kapena kuona mwachimbuuzi, vulani lenzi pomwepo ndipo pitani kwa a maso tsiku lomwelo. Ku Blantyre kuli Lions Sight First ku Queens, ku Lilongwe kuli gawo la maso ku Kamuzu Central, ndipo ku Nkhoma nakonso amaona maso. Lenzi ndi kakesi musataye, pitani nazo chifukwa akhoza kuziyeza kuti adziwe kachilombo kake. Musagule nokha mankhwala odontheza, pakuti ena ali ndi steroid yemwe amachotsa kufiira chilonda chikukulirakulira. Za mkaka wa m'mawere kapena masamba ofinyira m'diso ndiye ayi.

Pondiyezanso posachedwapa anapeza kuti mphamvu ya diso lamanzere yasintha pang'ono, kutanthauza kuti ngakhale mabokosi omwe deti lake lili kutali sakundiyeneranso mbali imeneyo. Alamu ndawauza kuti ulendo uno agule a miyezi 6 yokha, ndipo anditumizire chithunzi cha deti asanalipire.