Ndemanga: Nederburg Noble Late Harvest ndi masitiroberi ozizira

Ndinagula botolo la vinyo wotsekemera ameneyu mu Disembala, pamene dzuwa la ku Cape Town linali litafika poswa mtengo, chifukwa ndinkayembekezera alendo asanu ndi mmodzi ndipo ndinkafuna kuti tikatha kudya mpunga ndi nkhuku patebulo pabwere chinthu chozizira. Botolo lake ndi laling'ono, la mamililita 375, ndipo poyamba ndinakayikira ngati lingatikwanire, koma vinyo wotere amathiridwa pang'ono m'matambula aang'ono, moti tonse tinalawa mokwanira.

Masitiroberi ndinakathyola ndekha m'munda wina wa m'mbali mwa msewu wa Polkadraai, kufupi ndi Stellenbosch. Ine ndinakulira ku Zomba, kumene anyamata amagulitsa zipatso zimenezi m'timbale panjira yokwera ku Ku Chawe, choncho ndimadziwa kuti sitiroberi wakupsa bwino amayamba kumveka fungo asanafike pakamwa. Ndinatenga theka la kilogalamu, ndinachotsa timasamba ta kumutu, ndipo gawo limodzi ndinalinyenya ndi foloko pamodzi ndi madzi a ndimu ndi shuga, pamene gawo linalo ndinangolidula pakati. Kenaka ndinatakasa kirimu wokwana mamililita 250 mpaka atalimba, ndinasakanizamo yogati wopanda shuga ndi zipatso zonyenyazo mosamala kuti mizere yofiira izionekabe mu kirimu woyerayo, ndipo ndinaziika m'firiji kwa maola atatu.

Chimene ndikufuna kuti aliyense wogula vinyoyu adziwe ndi nkhani ya shuga. Nditayeserera dzulo lake ndinathira masupuni aakulu asanu, ndipo nditalawa pamodzi ndi kadontho ka vinyo, kukoma konse kwa vinyoyo kunabisika, kunangotsala kuwawasa. Pa tsiku la alendo ndinathira masupuni awiri okha, ndipo zinthu zinasintha kotheratu: vinyo anamveka uchi, maapurikoti ouma ndi khungu la lalanje, pamene kuwawasa kwake kunkatsuka mafuta a kirimu pa lilime, kotero kuti supuni iliyonse yotsatira inkakoma ngati yoyamba. Chakudya chotsekemera chiyenera kuchepa shuga kuposa vinyo amene chikuperekezana naye, ndipo ndi vinyo uyu lamulolo silinyengereka.

Mtundu wake ndi wagolide wozama, ndipo ukamupendeketsa m'tambula amatsika pang'onopang'ono m'mbali ngati manyuchi opepuka. Kutsekemerako sikuchokera ku shuga wothira. Mphesa zake zimasiyidwa pamtengo mpaka zitagwidwa ndi chuku chotchedwa Botrytis cinerea, chimene chimaboola khungu la mphesa, madzi n'kuuma, shuga ndi kuwawasa n'kutsalira zochuluka m'kachipatso kofota. Chinandichititsa chidwi n'chakuti chuku chomwechi ndi chimene chimaoletsa masitiroberi, chija chimaoneka ngati ubweya wotuwa zipatso zikakhalitsa m'mbale. Kwa mlimi wa masitiroberi ndi tsoka, koma kwa wopanga vinyo, m'mawa kukakhala chinyezi ndipo masana kukauma, ndi chuma. Nederburg, famu yopanga vinyoyu, yomwe ili ku Paarl ndipo inayamba mu 1791, ili ndi mbiri yaitali pa vinyo wamtunduwu, pakuti kumeneko ndi kumene katswiri wopanga vinyo Günter Brözel anapangira vinyo wotchedwa Edelkeur mu 1969.

Vinyoyu amafuna kuzizira bwino, pafupifupi madigiri 8 mpaka 10. Ndinamutulutsa m'firiji alendo atayamba kale kudya zipatsozo, ndipo m'nyengo yotentha chonchi ndi bwino kubwezera botolo m'madzi oundana mukangothira, chifukwa akafunda amalemera pakamwa ndipo fungo lake labwino limachepa. Apongozi anga aakazi, amene kawirikawiri sakonda vinyo chifukwa cha kuwawa, anamwa pang'onopang'ono mpaka kumaliza, kenaka anafunsa dzina lake kuti alilembe.

Ndikumuvomereza kwa amene akukonza masitiroberi ndi kirimu, kapena zipatso zina zowawasa pang'ono. Ngati chakudya chanu ndi keke ya chokoleti yodzaza shuga, sankhani vinyo wotsekemera wa Muscadel wofiira wa ku Robertson kapena ku Montagu, amene ali ndi mphamvu yopirira kutsekemera kotero. Ine ndidzamugulanso masitiroberi a chaka chino asanathe m'minda.