Mafuta oteteza ku dzuwa: a zinc kapena olowerera pakhungu?

Mwana wanga ndi wachialubino, ndipo timakhala ku Senga Bay komwe mu Okutobala mchenga umawotcha mapazi isanakwane 9 koloko. Mafuta ndayesa mitundu iwiri, ndiye amayi anzanga, tamvani zomwe ndaona.

Oyamba ndi aja pabotolo amalemba zinc oxide kapena titanium dioxide. Ndi olimba ngati phala, kupaka kwake n'kofuna kudekha, ndipo ine wakhungu lakuda ndikadzola ndimatuwa mbuu, anthu n'kumandifunsa ngati ndikuchokera kuchigayo. Koma kwa mwanayu ndi amene ndimakhulupirira. Samuyabwa, akatuluka thukuta samuliza m'maso, ndipo poti amaoneka, ndimadziwa pomwe ndadumpha: kuseri kwa makutu, kumbuyo kwa khosi, pamwamba pa mapazi. Malo amenewa ndi omwe amayamba kupsa.

Achiwiri ndi okhala ndi avobenzone kapena octocrylene. Ndi opepuka, amalowerera msanga osasiya chizindikiro. Bambo ake, omwe amaswera panyanja, amakonda amenewa chifukwa anzawo sawaseka. Kungoti amafunika kudzola mphindi 15 musanatuluke, ndipo thukuta likawatsitsira m'maso amabaya ngati tsabola.

Nambala ya SPF, ija yapabotolo yosonyeza mphamvu ya mafuta yotchinga dzuwa, isakupusitseni. SPF 30 imatchinga pafupifupi 97 pa 100 ya cheza chowotcha cha UVB, pomwe SPF 50 imatchinga 98. Kwa bambo ake 30 ndi yokwana. Kwa mwana sinditsika pa 50, ndipo ndimaonetsetsa kuti palembedwanso UVA, kutanthauza kuti amatchinganso cheza china cha dzuwa cholowa mkati mwa khungu. Chomwe chimapha mphamvu ya mitundu yonse iwiri n'kudzola pang'ono poopa kuti botolo litha. Nkhope ndi khosi zokha zimafuna mafuta ofinyira pa zala ziwiri kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, ndipo muzibwereza pakatha maola awiri alionse. Olembedwa kuti sachoka ndi madzi amapirira mphindi 40 kapena 80 basi, ndiye mwana akangovuuka m'nyanja, mpukuteni n'kumudzozanso. Kukachita mitambo musapume, cheza chimadutsabe.

Vaseline uja amangowalitsa khungu, satchinga dzuwa ngakhale pang'ono.

Botolo likatha pakati pa mwezi, ndimadalira chipewa chamlaza cha khonde lalikulu ndi malaya a mikono yaitali, ndipo kuyambira 10 koloko mpaka 4 koloko masana mwanayu amasewera pansi pa mtengo wa mango.