Switch ndi toggle: kusiyana kwake kumaoneka bwino magetsi akazima

Magetsi akazima madzulo, kwathu sitigona tisanayendere nyumba yonse ndi tochi ya pafoni, kuzimitsa zonse zimene zinali zoyaka kuti akabwera pakati pa usiku asatidzutse. Za pakhoma sizivuta. Ukaunika swichi umaona kumene yapendekera, umadziwiratu kuti iyi inali yoyatsa, n'kuikankhira m'mwamba. Chovuta ndi kanyale ka pambali pa bedi. Kali ndi batani limodzi lodina, ndipo ukalisiya limabwerera pomwe linali. Mumdima silikuuza kanthu. Ukadina, kaya wazimitsa kaya wayatsa, udzadziwa magetsi akabwera. Kangapo konse ndadzidzimuka cha m'ma 2 koloko usiku nyale ili ngwee kumaso, mayi a kunyumba akufunsa ali m'tulo kuti, "Kodi bambo, simunati mwazimitsa?"

Ndinazimitsadi, kungoti nyaleyo inali yozima kale, choncho kudina kwangako kunali kuyatsa. Kusiyana kwa mawu awiri a Chingerezi amene timakumana nawo tsiku lililonse pafoni ndi pakompyuta, switch ndi toggle, kwagona pomwepa.

Switch ndi mawu aakulu, onyamula zambiri. Kalekale, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, Angerezi ankatchula motero kamtengo kowonda kokwapulira, mkwapulo weniweni. Kenako dzinali linafika kunjanji, pamalo pamene sitima imapatukira njira ina, ndipo pambuyo pake linafika pa magetsi. Ife tinalilandirira pamenepo n'kukhala swichi. Likakhala mneni, tanthauzo lake ndi kuchoka pa ichi kupita pa icho, ndipo nthawi zambiri limatchula kumene ukupitako: switch on, switch off, switch to. Munthu wa foni ya ma SIM awiri akachotsa intaneti pa Airtel n'kuiika pa TNM, wachita switch. Mukadina Alt ndi Tab pa Windows kuti muchoke pa Word mupite pa Chrome, ndi switch yomweyo, ngakhale mutatsegula mapulogalamu khumi. Kachitsulo kozungulitsa pa fani, ka 0, 1, 2 ndi 3, nakonso ndi switch. Malo opitako akhoza kukhala awiri, anayi kapena makumi angapo, mawuwa alibe nazo ntchito.

Ndi chifukwa chake amapezeka paliponse. Kabokosi kolumikiza makompyuta a muofesi, ka mabowo 8, 24 kapena 48, amakatchula switch chifukwa ntchito yake ndi kusankha bowo loti uthenga udutsire. Olemba mapulogalamu mu C, Java kapena JavaScript ali ndi switch yawo yosankhira njira imodzi mwa zambiri. Mu Git, chida chimene olemba mapulogalamu amasungiramo ntchito yawo, munabwera lamulo la git switch m'chaka cha 2019, losamukira ku nthambi ina ya ntchito, ndipo nthawi zambiri mumalemba dzina la nthambiyo. Ngakhale makina amasewera a Nintendo Switch, amene anatuluka mu 2017, dzina lawo likunena za kuchoka pa TV kupita m'manja.

Toggle ndi mawu opapatiza, ndipo anachokera panyanja. M'zaka za m'ma 1700 amalinyero ankatchula motero kamtengo kapena kachitsulo kamene ankalowetsa mopingasa m'diso la chingwe kuti chisapulumuke. Amene munagulapo jekete lochindikala pa kaunjika, lija lokhala ndi timitengo tolowetsa m'tizingwe m'malo mwa mabatani, mwagwirapo toggle yoyambirirayo. Pambuyo pake dzinali linapatsidwa ku swichi ya kandodo kotuluka, kamene ukakakankha kamadumphira mbali ina n'kulira kuti thapu. A makompyuta atalitenga, anasiya kandodoko n'kusunga khalidwe lake: malo ndi awiri okha, ndipo chimene wachita popita n'chomwecho chimene uchite pobwerera.

Chitsanzo chimene aliyense ali nacho m'thumba ndi bolopeni yodina. Kudina kamodzi nsonga yatuluka, kudinanso yalowa. Palibe batani lotulutsira ndi lina lolowetsera. Caps Lock ndi chimodzimodzi, ndipo ambiri tinakanidwapo pasiwedi katatu konse chifukwa chala chinaikhudza osadziwa. Ctrl ndi B mu Word imanenepetsa zilembo zowonda, komanso imawondetsa zonenepa. Pa YouTube ya pakompyuta, K imaimitsa kanema amene akuyenda ndi kuyendetsa amene waima, M n'kumachita zomwezo ndi mawu.

Ndiye njira yanga yoyesera ndi iyi: chitani kawiri, muone pamene mwathera. Munthu akauzidwa switch on kawiri, nyale ikhalabe yoyaka, chifukwa ulendo wachiwiriwo palibe chosintha. Akauzidwa toggle kawiri, wabwerera pomwe anayambira, ngati sanachite kanthu. Switch imanena kumene mukupita. Toggle imangoti pitani kumene simuli, ndiye zotsatira zake zimadalira pamene munali, ndipo ngati simukudziwa pamene munali, mukungoombeza. Toggle iliyonse ndi mtundu wa switch, koma fani wa malo anayi uja simungamutche toggle.

Chimene chimasokoneza ndi chakuti eni chinenero nawonso amasakaniza. Kabatani kotsetsereka ka mu Settings, kamene kamasintha mtundu mukayatsa Wi-Fi kapena Bluetooth, kali ndi mayina onse awiri. A Apple kwa zaka zambiri ankakatchula UISwitch, koma atatulutsa SwiftUI, chida chawo chopangira mapulogalamu, mu 2019 anakatcha Toggle. Pa Android pali Switch komanso ToggleButton, zinthu ziwiri zosiyana maonekedwe koma zogwira ntchito yofanana. A Microsoft anangophatikiza n'kuti ToggleSwitch. Ine sindiona cholakwika pamenepa. Kabataniko kakuoneka ngati swichi, chifukwa maso amaona mbali imene kali, koma kamachita ngati toggle, chifukwa chala chimagunda pamodzimodzi poyatsa ndi pozimitsa. Dzina lina likunena za nkhope yake, lina za khalidwe lake.

Mudzaonanso anthu akulemba kuti toggle on kapena toggle off, ena mpaka toggle pakati pa zinthu zitatu. Zoyambazo ndazizolowera, ngakhale zili ngati kuvala lamba ndi zingwe za m'mapewa pa buluku limodzi, popeza turn on yekha akanakwana. Chachitatucho chimandikwiyitsabe pang'ono. Zinthu zikakhala zitatu ndipo batani likuzizungulira motsatana, mawu ake ndi cycle, ndipo pamenepo kudina kawiri sikukubwezerani pomwe munali.

Tibwerere kukhoma pang'ono, chifukwa nakonso kuli kachinyengo. Kuno timatsata kachitidwe ka ku Britain, pamene swichi ikatsikira pansi ndiye kuti yayatsa. Ku America ndi mosemphana, kuyatsa ndi kukweza m'mwamba. Komabe kulikonse, ukazolowera, maso amakuuza zoona. Tsono lowani m'nyumba imene nyale ya m'khonde lalitali kapena ya pamasitepe ili ndi maswichi awiri, ina kuno ina uko. Pamenepo pansi sipatanthauzanso kanthu. Wina akagwira ya uko, ya kunoyi imasintha tanthauzo popanda kuigwira. Chinthucho mukachigula kusitolo ndi swichi ndithu, koma kakhalidwe kake kasanduka ka toggle, ndipo magetsi akazima chimakusiyani m'mavuto omwe aja a kanyale kanga.

Kumene nkhaniyi imaluma kwenikweni ndi pothandiza munthu amene simukuona foni yake. Tsiku lina malume anandiimbira pa foni ya mnansi wawo, akudandaula kuti yawo yasiya kugwira netiweki chibwerere kumaliro. Nditafunsafunsa ndinazindikira kuti inalowa mu airplane mode ili m'thumba. Ndinawauza kuti akokere chala kuchokera pamwamba, apeze kachizindikiro ka ndege, adine. Anadina, koma poona kuti palibe chachitika msanga, anadinanso. "Mphwanga, ndadina kawiri konse koma ayi ndithu," anatero. Ndinawauza kuti adinenso. Anadina kawiri kachiwiri, kuti zitsimikizike. Tinatha mayunitsi a mnansiyo tikuzungulira pamodzimodzi, mpaka ndinasintha funso: "Malume, kandegeko panopa kali ndi mtundu kapena n'kotuwa?" Atati kali ndi mtundu, ndinati, "Dinani kamodzi kokha, katuwe, kenako chotsanipo chala muwerenge mpaka 20." Netiweki inabwera.

Kulakwa kunali kwanga. Ndinawapatsa toggle, pamene iwo ankafunika switch. Kuchokera tsiku limenelo, ndikamalemba malangizo pagulu la WhatsApp la kuntchito kapena ndikamalongosolera munthu pafoni, sindinenanso kuti dinani apo. Ndimatchula pamene chinthucho chiyenera kuthera: onetsetsani kuti Mobile data ndi yoyaka, onetsetsani kuti kandege n'kozima. Munthu akapeza zili kale momwemo, sagwira kanthu.

Chichewa chimatithandiza pamenepa, mwina mwangozi. Mbali ya switch tili ndi mawu okwanira: yatsani, zimitsani, sinthirani ku, pitani pa. Onsewa amaloza kumene ukupita. Mbali ya toggle ine ndimasowa mawu amodzi amene munthu angamve nthawi yomweyo. Kutembenuza kumayandikira, monga potembenuza chitumbuwa m'mafuta, mbali ya pansi ibwere pamwamba, koma mukauza munthu kuti tembenuzani Bluetooth adzakuyang'anani modabwa. Ndikamamasulira, ndimalolera kutalikitsa: batani loyatsira ndi kuzimitsira. Likakhala m'ndandanda wa makiyi achidule, monga Toggle full screen ya F11, ndimalemba kuti kulowa kapena kutuluka, mawu onse awiri aonekere.

Kwa amene mumapanga mapulogalamu kapena mawebusayiti, pali msampha umodzi umene toggle imabwera nawo. Batani lolembedwa Mute, kodi likunena kuti mawu atsekedwa kale, kapena kuti mukadina atsekeka? Pamisonkhano ya pa Zoom ndaonapo anthu akuluakulu akulankhula mphindi yathunthu pakamwa pokha pakuyenda, ena akukalipira ana kunyumba msonkhano wonse ukumva, onsewo akukhulupirira kuti batani lili mbali inayo. Ngati chinthucho chili chowopsa kuchilakwitsa, monga kutseka maikolofoni kapena kulola kuti ndalama zizidulidwa zokha mwezi ndi mwezi, ikani chooneka ngati swichi ya pakhoma, ndipo mulembe pambali pake momwe zilili panopa. Toggle yobisika isiyireni zinthu zimene munthu amaona zotsatira zake pompopompo, ngati zilembo zonenepa zija.

Kanyale ka pambali pa bedi kakadalipo. Masiku ano magetsi akazima sindikadinanso, ndimangozimitsa pa soketi.