Nyenyezi zitatu, koma mnyamata wa pakauntala uja asatengepo ngakhale imodzi

Ine si munthu wolembalemba ndemanga pa intaneti, ndikagula chinthu n'kupezeka choipa ndimangodandaulira mayi akunyumba nkhani n'kuthera pomwepo, koma izi zokha ayi mtima wakana kukhala chete. Ndinagula katoni ija ya zitini 12 za mowa wa craft, kutanthauza mowa wofululidwa ndi makampani ang'onoang'ono, ija amasakaniza mitundu itatu, IPA zinayi (mowa wowawa wonunkhira kwambiri), pale ale zinayi (wofananako ndi IPA koma wowawa pang'ono) ndi stout zinayi (mowa wakuda). Mtengo wake mukuudziwa kale, chitini chimodzi ndi ndalama ya mabotolo atatu a lager, mowa wamba uja, ndiye werengerani nokha katoni yonse kuti m'thumba munabooka bwanji.

Zaka zonsezi ine ndimamwa lager wa makampani akuluakulu ndipo sindinadandaulepo. Amene anandisokoneza mutu ndi mnzanga wina wa kuntchito, tsiku lililonse aise iwe ukumwa madzi, mowa weniweni sunaulawe, mpaka ndinati chabwino tikauone mowa weniweniwo. Shopu yogulitsa mowawo ndi yooneka bwino sindinama, zitini zamitundumitundu zojambulidwa ngati mabuku a ana, ndipo mnyamata wogulitsayo tsiku limenelo anali ndi pakamwa pokoma zedi. Anandiuza za ma hops, maluwa a chomera china amene amaika mu mowa kuti ukhale wowawa ndi wonunkhira, a mitundu ya Citra ndi Mosaic, akuti ndikangotsegula nyumba yonse imveka fungo la zipatso, akuti ndikalawa kamodzi mowa wa m'mafakitale sindidzaufunanso. Ine n'kumangogwedeza mutu ngati ndikumva, ndalama n'kupereka.

Loweruka kunabwera alamu anga kudzaonera mpira. Alamu anga ndi aja chiyambire kumwa mowa sanasinthepo mtundu, ndiye ndinkafuna ndiwaonetseko zina. Zitini zinagona mu furiji usiku wonse, matambula ndinatsuka bwinobwino mpaka kuwayang'ana pa kuwala. Ndinatsegula IPA ndi matama onse, kuthira pang'onopang'ono tambula nditaipendeketsa monga ndinauzidwira. Choyamba kundidabwitsa chinali mtundu wake, pa chithunzi ndi wachikasu wowala koma wanga unatuluka wofiirira ngati tiyi wogonera. Thovu linakwera pang'ono n'kuzimiririka ndisanakhale n'komwe pansi. Ndinanunkhiza, zipatso zija kulibe, m'malo mwake fungo la katoni yonyowa, mukudziwa katoni ikanyowa ndi mvula n'kuiwalika pakona masiku atatu, fungo limenelo ndendende. Kulawa, kutsekemera kwina kosadziwika bwino ngati uchi wokhalitsa kenako kuwawa kouma kumene kumakanirira kukhosi osachoka.

Alamu anamwa kamodzi, anasunga mowawo m'kamwa akuyang'ana uku ndi uku ngati akufuna polavulira, kenako anameza mwaulemu n'kuika tambula pansi mosamala kwambiri. "Alamu, ndiye ndalama zonse zija mwagulira madzi otsukira makatoni?" Anadzuka okha kupita ku furiji kukatenga lager wawo wa masiku onse amene anabwera naye, akuti poopa ngozi. Manyazi amene ndinachita inu. Ndinatsegula IPA yachiwiri poganiza kuti mwina yoyambayo inali ndi vuto payokha, chimodzimodzi. Pale ale nayo yongozizira chabe yopanda fungo lililonse. Chikomekome cha mkuyu chenicheni.

Mpira utatha ndi pamene ndinatembenuza chitini n'kuona timanambala tija amadinda kunsi. Deti lothira mowawo m'chitini linali la miyezi 11 yapitayo. Miyezi 11! Apa m'pamene ndinakumbukiranso kuti katoni yanga mnyamata uja sanaitenge mu furiji ayi, anaichotsa pa mulu umene anaunjika pazenera, pamene dzuwa limawomba masana onse, kuti anthu odutsa aziona zitini zokongolazo.

Usiku umenewo tulo sitinabwere ndiye ndinakhala pa foni kuwerenga, ndipo zimene ndinapeza ndi zimene wogulitsa aliyense wa mowa wotere amayenera kuzidziwa asanatsegule n'komwe shopu. Fungo la zipatso lija limachokera ku mafuta a mu ma hops, ndipo mafuta amenewa sakhalitsa, amayamba kuthawa mowa ukangothiridwa m'chitini. Ofulula ambiri amanena okha kuti IPA imwedwe isanathe miyezi itatu kapena inayi ndipo izikhala pozizira nthawi yonseyo. Kampweya kochepa ka okosijeni kamene kamatsalira m'chitini ndi kamene kamadetsa mtundu wa mowa n'kubweretsa fungo la katoni lija, ndipo kutentha kumafulumizitsa zonsezi. Ndiye kuti vuto silinali lilime langa.

Lolemba ndinanyamula zitini 9 zosatsegula ndi lisiti ulendo ku shopu kuja. Ndinafika mwaulemu, moni kaye, kenako ndinati achimwene mowa munandigulitsa uja ndi wakale, taonani deti ili. Munthu osayang'ana n'komwe chitinicho, maso ali pa foni chala chikuyenda. Kenako akuti, "Bambo, mowa wa craft umafuna kuuzolowera, m'kamwa mwanumo munazolowera za m'mafakitale ndiye poyamba zimavuta." Imeneyo ndiye inandipsetsa mtima kuposa ndalama zimene ndinataya. Ndagula katundu woonongeka, ndabwera ndi umboni m'manja, iwe n'kumandiuza kuti choonongeka ndi pakamwa panga? Pakauntala panali makasitomala ena awiri ndipo mmodzi anaseka pang'ono, kaya ankaseka ine kaya iye, koma ine ndinamva kutentha nkhope yonse.

Ndinamufotokozera za ma hops ndi kutentha zija, iye n'kundidula mawu akuti IPA siionongeka chifukwa anaipangira ulendo wa pa sitima yapamadzi kuchoka ku England kupita ku India miyezi yambirimbiri. Nkhani imeneyo ndi yoona mbali imodzi, dzinalo ndi India Pale Ale ndithu ndipo ma hops amathandizadi kuti mowa usasase msanga. Koma mowa wa nthawi imeneyo unkayenda m'migolo ndipo palibe ankayembekezera kuti ukafika uzikanunkhira zipatso, pamene IPA ya masiku ano chimene ukulipirira ndalama zonsezo ndi fungolo, likatha watsala ndi madzi owawa odula basi. Waloweza kankhani kamodzi koopsezera makasitomala koma kuika katundu mu furiji osadziwa. Mapeto ake akuti katoni yotsegula sabweza, ngakhale zitini zake zili zosatsegula. Ndinafunsa za bwana wake akuti kulibe, abwera liti, kaya. Ndinanyamula zitini zanga n'kutuluka ndisanalankhule zoti ndikadandaule nazo mawa.

Pobwerera ndinali nditatsimikiza kuti za craft zonsezi ndi chinyengo chodyera anthu ndalama, ndipo ndinenepo pano kuti mowa wa makampani akuluakulu anthu amangounyoza mopanda chilungamo. Inde ndi wopepuka, inde ambiri amaonjezera chimanga kapena mpunga pa chimera cha balere kuti usalemere m'kamwa, Budweiser sabisa n'komwe kuti amaikamo mpunga. Koma lager woyera ngati uja ndi wovuta kufulula chifukwa mulibe pobisala, kakalakwika kanthu kakang'ono kamamveka nthawi yomweyo, pamene mowa wodzaza ma hops zolakwika zina zimakwiririka ndi kuwawa. Ndipo mowa umene akuutcha madziwu uli ndi mbiri yake, unayambira mu mzinda wa Plzeň, m'dziko limene lero ndi Czech Republic, mu 1842 pamene Josef Groll anafulula pilsner woyamba, amene ndi mtundu wa lager woyera, ndiye mu 1883 Emil Christian Hansen ku labotale ya Carlsberg ku Copenhagen anapeza njira yopatula mtundu umodzi wokha wa yisiti kuti mowa uzituluka chimodzimodzi nthawi zonse. Masiku ano amausefa, ambiri amautenthetsa pang'ono kupha tizilombo, amauyeza mobwerezabwereza usanatuluke pageti. N'chifukwa chake botolo la lero ndi la chaka chatha kukoma kwake n'kumodzi, ndipo ngakhale wogulitsa akhale wosasamala ngati uyu mowawo umapirirako ndithu. Vuto lokha limene ndinakumanapo nalo ndi la mabotolo obiriwira aja akakhala padzuwa amanunkha ngati kanyimbi, koma zimenezo n'za kuwala kolowa m'botolo, a bulauni sachita zimenezo kawirikawiri.

Komanso kudzimva kuja koti ife sitigwirizana ndi makampani akuluakulu kumandiseketsa, chifukwa mayina ena otchuka a craft eni ake ndi akuluakulu omwewo. Goose Island ya ku Chicago inagulidwa ndi AB InBev, kampani yaikulu ya Budweiser ija, mu 2011, Lagunitas ili m'manja mwa Heineken yonse kuyambira 2017. Ndiye munthu asamandiyang'ane ngati mbuli chifukwa chomwa lager pamene mwina ndalama zathu tonse zikukathera m'thumba limodzi.

Koma tsono apa ndi pamene nkhani inakhota, ndipo ndikanabisa ndikanakhala wabodza. Zitini zija ndinangoziponya mu furiji ndi mkwiyo osafunanso kuziona. Patatha sabata, usiku wina kukuzizira lager atatha, ndinati bola nditsegule stout imodzi ndikaitayire mu sinki ndikudziwa chimene ndikutaya. Inu! Wakuda bii, thovu lake lofiirira lokhuthala limene linakhala mpaka tambula kutha, fungo la khofi ndi chokoleti chakuda, kulawa kuwawa pang'ono kokoma ngati khofi wopanda shuga, kenako kakutsekemera kobisika kumapeto. Ndinatembenuza chitini, deti ndi lomwe lija la miyezi 11. Kusiyana kwake n'koti kukoma kwa stout kumachokera ku chimera chokazinga osati ku fungo la ma hops, komanso inali ya mphamvu ya 7% ndiye inapirira nkhanza za pazenera zija. Ndinamwa chitini chimodzi chokha pafupifupi ola lathunthu osafuna kuti chithe, chinthu chimene sindinachitepo ndi lager, uja umangotsika ngati madzi uku ukucheza osaganizako kuti ukumwa chiyani.

M'mawa mwake ndinajambula kunsi kwa chitini cha IPA n'kutumiza pa tsamba la Facebook la ofulula mowawo, osati la shopu ayi. Ndinalemba mokalipa ndithu. Anandiyankha tsiku lomwelo mayi wina waulemu wake, anapepesa osazungulira, anati mowa wa deti limenelo sumayenera kukhalanso pa shelefu ndipo akambirana ndi wogulitsayo. Sanandiphunzitse za pakamwa panga. Ananditumizira IPA zinayi zothiridwa masabata awiri okha apitawo.

Kutsegula chitini chokha fungo linandipeza ndisanathire n'komwe, malalanje, mango, ndi kena kake ngati masamba a paini ukawafikisa m'manja. Wachikasu wambuu pang'ono, wowawa inde koma kuwawa kwaukhondo kumene kumachoka n'kukusiya ukufuna kumwanso. Mowa womwewo, dzina lomwelo, chitini chofanana, koma ngati zinthu ziwiri zosadziwana. Apa ndinamvetsa chifukwa chake anthu anapenga ndi mowa woterewu kuyambira pamene Sierra Nevada ya ku California inatulutsa pale ale yake ya ma hops a Cascade kalekale cha m'ma 1980.

Ndinawaitananso alamu kuti ndichotse manyazi aja. Ananunkhiza nthawi yaitali, anamwa theka la tambula, n'kuvomera kuti uwu ndiye mowa alamu, koma wachitatu sindingafike, ukulemera komanso kuwawaku kwandikwana. Kenako anabwerera ku botolo lawo. Ndipo sindiwatsutsa, nanenso tsiku la mpira kukutentha anthu tili asanu sindingagule craft, ndalama yake ingandiliritse komanso mowa wa 6 kapena 7% ukaumwa ngati lager mawa lake matsire ake usaseke. Lager akhalabe mu furiji mwanga masiku onse. Craft ndizigula chitini chimodzi kapena ziwiri pamene ndikufuna kukhala phee ndekha, makamaka stout ija, ndipo ndizitembenuza kaye chitini kuona deti, zosakhala mu furiji sindigwiranso.

Ndiye nyenyezi zitatuzo, ziwiri ndi za stout ndi IPA yatsopano ija, imodzi ndi ya mayi anandiyankha pa Facebook aja. Ndikanatha kupereka zinayi koma ofululawo nawonso ali ndi mbali yawo, mumapereka bwanji katundu wanu kwa munthu osadzayenderako chaka chathunthu kuona mmene akumusungira? Shopu ija sindidzapondamonso. Dzana ndinadutsa panja pake, mulu wa makatoni ukadali pazenera pomwe paja dzuwa likuwomba, mnyamata uja ali pa foni. Zitini zisanu zakale zija zili pansi pa sinki pamodzi ndi lisiti lake, ndikudikira tsiku limene bwana wakeyo adzapezeke.